Mayi akabwera ku opaleshoni, musayang'ane bala lokha

Ana anga, inu amene mwavala yunifolomu chaka chino ndi chatha, amene boma lakumwazani ku Furancungo, ku Chidzolomondo, ku Tsangano ndi ku Ntengo-wa-Mbalame, sendezani mipando kuno. Ine unamwino ndi uzamba ndaugwira mpaka imvi. Manja anga tsopano akunjenjemera, sangapezenso mtsempha, chatsala ndi pakamwa. Ndikufuna ndikuuzeni za wodwala amene adzafika ndithu pakhomo panu, kaya mwezi uno kaya wamawa: mayi wa khansa ya khomo la chiberekero, uja madokotala anena kuti akachitidwe opaleshoni.

Za matendawo mukuzidziwa kuposa ine, poti mabuku anu ndi atsopano. Mukudziwa kuti gwero lake ndi kachirombo ka HPV, ndipo kuti mitundu iwiri yokha, wa 16 ndi wa 18, ndiyo imadwalitsa amayi pafupifupi 70 mwa 100 alionse a khansa imeneyi. Mukudziwa kuti muno m'Mozambique palibe khansa ina yopha amayi ambiri chotere: chaka ndi chaka oposa 5,000 amapezeka nayo, ndipo amene timawaperekeza kumanda amayandikira 4,000. Mayi amene ali ndi HIV ngozi yake ndi yowirikiza ka 6 poyerekeza ndi mnzake amene alibe. Kuyambira 2009, pamene Unduna wa Zaumoyo unayamba kuyeza amayi ndi viniga, anamwino a amayi ndi ana akhala akupaka, kuyang'ana, ndi kuwononga timadontho toyera tisanasanduke khansa. Zimenezo mudzazichita bwino, sindikukayika. Nkhawa yanga ili pa zimene zimachitika mumtima mwa mayi kuyambira tsiku limene mwamulembera chikalata chomutumiza ku Tete mpaka chaka chitatha atabwerako. Dokotala wa opaleshoni amakhala naye maola owerengeka, ndipo ambiri mwa maolawo mayiyo amakhala ali mtulo. Inu mudzakhala naye zaka, ali maso.

Muyambe mwamudziwa munthuyo. Kawirikawiri ndi mayi wa zaka 35, 40, 50. Ambiri a msinkhu umenewu kuno kwathu ubwana wawo unadyedwa ndi nkhondo. Anakulira kothawira ku Ntcheu ndi ku Dedza, nabwerera mtendere wa 1992 utasainidwa. Sukulu inawadutsa pambali, Chipwitikizi amadziwa cha pamsika basi. Ndi iyeyo amene amalima kachewere ndi tirigu m'mapiri a Tsangano, ndi iyeyo amene amasoka fodya m'zigafa za ku Macanga, ndipo pakhomo ponse amadya za m'manja mwake. Pofika kwa inu amakhala atataya magazi miyezi yambiri, makamaka akakhala malo amodzi ndi bambo. Wapitako kwa asing'anga, wauzidwa kuti ndi tsempho kapena kuti wachibale wamulodza, walipira nkhuku ndi mbuzi. Chikazi chonunkha chamuchotsa pa mphasa ya amayi anzake. Kutchalitchi amakhala cha kukhomo, kumaliro anasiya kukathandiza kuphika, kunyumba bambo anasamutsa mphasa yawo. Akulu amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma matenda awa ndi a manyazi, ndipo mwini wake amakhoma chitseko nkukhala chete.

Choncho chinthu choyamba chimene adzayang'ane akalowa ndi nkhope yanu. Musakwinye mphuno. Zenera litsekuleni asanalowe, osati iye atavula kale. Ndipo funso lija lakuti, "Munali kuti nthawi yonseyi, mayi?" mulimeze. Wadzifunsa kale yekha usiku uliwonse, safuna kulimvanso kwa mwana wa msinkhu wa mwana wake. Nenani kuti, "Mwachita bwino kubwera, mayi." Mawu amenewo ndi oona, ndipo amamasula lilime.

Za chinsinsi sindichulukitsa mawu. Malo athu ndi aang'ono. Chimene mwanena madzulo pa msika wa Furancungo, m'mawa chafika kumudzi kwa wodwalayo iye asanafike. Chithunzi cha chikalata chake kapena cha bala lake chisapezeke pa WhatsApp ya anzanu.

Tsiku lomuuza, khalani pansi. Ndanena kuti khalani pansi, chifukwa namwino woimirira, cholembera chili m'manja, maso ali pa mzere wa panja, amauza wodwala kuti afulumire ngakhale asanatsekule pakamwa. Tsekani chitseko, mufunseni ngati akufuna mchemwali wake kapena bambo alowe, ndipo akakana, akana. Musanayambe kufotokoza, mufunseni chimene iye akuganiza kuti chikumudwalitsa. Mukamva za ufiti musaseke ndipo musatsutsane naye, mungonena kuti, "Ndamva, mayi. Tsopano ndikuuzeni zimene taona ife." Dzina la matendawo mulitchule. Achibale adzakukokerani pambali nkunena kuti, "Adokotala, musawauze, akomoka, tiuzeni ife." Amanena mwachikondi, ndipo muwayankhe mwaulemu, koma thupi ndi la mayiyo. Mayi amene wauzidwa kuti akungokatsukidwa m'mimba, nadzazindikira patapita miyezi kuti chiberekero chake chinachotsedwa, sadzakhulupiriranso munthu wovala zoyera mpaka imfa yake, ndipo adzaletsa ndi ana ake omwe.

Musalonjeze kuti achira ndithu, poti inu si Mulungu. Koma pali chiyembekezo choona chimene mungamupatse popanda bodza. Opaleshoni yotere amachita kwa amene matenda awo akuoneka kuti sanafalikire patali. Amene achedwa kwambiri sawatengera ku mpeni konse. Ndiye mayi akauzidwa za opaleshoni, ndiye kuti madokotala aona mpata wochotsa matendawo. Ambiri amamva mosiyana, amaganiza kuti opaleshoni ndi ya munthu amene watsala pang'ono kufa, chifukwa m'mudzi mwawo amakumbukira amene anapita osabwerako. Ena amaopa kuti akukaphunzirirapo ana a sukulu. Auzeni kuti opaleshoni imeneyi si ya dzulo. Dokotala Ernst Wertheim anaichita ku Vienna mu 1898, ndipo kuyambira pamenepo yapulumutsa amayi osawerengeka m'maiko onse.

Tsopano mverani bwino apa, pakuti apa ndi pamene anamwino ambiri amaphonya. Mukamaliza kulankhula, mayiyo sadzafunsa za khansa. Adzayang'ana pansi nthawi yaitali, kenako adzati, "Nanga kachewere wanga akumba ndani?" Wina adzati, "Fodya sitinagulitse." Wina adzafunsa ngati angabwereko sukulu zisanatsekule. Namwino wopupuluma amakwiya, amati mayi uyu sakumva, tikukamba za moyo iye akukamba za munda. Ayi, ana anga, wamva zonse. Pofunsa za munda akufunsa kuti, ndikafa ana anga adya chiyani, ndipo adzawalera ndani? Mawu akuti imfa sangawatulutse pamaso pa mlendo, ndiye amalowera kumunda. Mutsatireni komweko. Mufunseni kuti mundawo ndi waukulu bwanji, ana ndi angati, wamng'ono ali ndi zaka zingati, ndani angagone nawo. Mukatero mudzaona misozi ikuyamba, ndipo ikayamba musaithamangitse ndi mawu akuti "limbani mtima." Musiyeni alire. Mukhale chete, dzanja lanu pa dzanja lake. Mphindi zisanu zimenezo n'zimene zimachititsa kuti akwere galimoto ya ku Tete kapena abwerere kwa sing'anga. Mu 2020 bungwe la WHO linaika cholinga chakuti pofika 2030 amayi 90 mwa 100 alionse opezeka ndi matendawa azilandira chithandizo. Chiwerengero chimenecho sichingakwane ngati mayi wa ku Chidzolomondo wapinda chikalata chake nkuchisunga pansi pa mphasa chifukwa palibe amene anamuthandiza kuganiza za ana.

Mufotokozereni zimene akachotse, ndipo mujambule papepala. Chiberekero ichi, khomo lake ili, kachigawo ka kumtunda kwa njira ya amayi aka, ndi anabere a m'chiuno amene matendawo amakonda kuthawiramo. Mabasiketi a mazira nthawi zina amachotsa, nthawi zina amasiya, zimatengera msinkhu ndi mmene matenda alili. Muuzeni poyera kuti sadzasambanso ndipo sadzatenganso pakati. Pali mantha ena amene sadzawanena mukapanda kuwayamba inu. Amayi ambiri amakhulupirira kuti magazi a mwezi ndi mwezi adzasowa potulukira nkuwolera m'mimba. Ena amaganiza kuti m'kati mudzatsala dzenje lopanda malire, bambo adzazindikira nkuthawa. Muwauze kuti magaziwo ankachokera m'chiberekero momwemo, chikachoka sapangidwanso, ndipo kuti kumtunda amasokako bwinobwino, njira imakhalapo ngakhale imafupikirako. Chikalata chovomereza opaleshoni chimakhala m'Chipwitikizi. Chala chimene adzadinde pamenepo chikhale cha munthu amene wamva nkhani yonse m'chinenero chake, ndipo mwina ndi inu nokha panjira yonseyo amene mungamuuze m'Chichewa.

Ulendo nawo ndi woopsa paokha. Mayi amene sanapitirirepo Ulongwe akuuzidwa kuti atsike mapiri, awoloke Zambezi pa mlatho, akafike ku chipatala chachikulu cha ku Tete, kumene kutentha kwake kokha kumamudwalitsa munthu wa kwathu kozizira kuno. Ena amawatumizanso ku Beira, makilomita pafupifupi 600 kuchokera ku Tete. Amene akufunika kutenthedwa ndi makina ulendo wawo ndi wa ku Maputo, makilomita oposa 1,500, kumene makinawo anayamba kugwira ntchito mu 2019. A m'malire ena amaloza ku Blantyre, poti n'kufupi ndipo chinenero n'chimodzi. Kumeneko a bungwe la Médecins Sans Frontières anayamba kusamalira amayi a matenda amenewa pa chipatala cha Queen Elizabeth mu 2018. Kulikonse kumene walowera, inu musakwiye ngati wakuthawani. Chofunika n'chakuti mapepala ake akhale pamodzi m'pulasitiki, mankhwala ake a ARV akwanire masiku onse ngati amamwa, ndipo akhale ndi wodwazika amene wasankha yekha. Lembani nambala ya foni ya chipatala chanu kuseri kwa chikalatacho, mutengenso yake kapena ya mnansi wake. Pakatha masiku angapo imbani. Munthu amene ali pakati pa alendo, osamva zimene madokotala akukambirana pamutu pake, akamva mawu a kwawo akufunsa kuti wadya, usiku umenewo amagona.

Ena mwa inu mudzasamutsidwira m'mawodi a opaleshoni. Kumeneko kumbukirani usiku woti mawa alowa. Waletsedwa kudya, wodwazika watulutsidwa, magetsi azimitsidwa. Dutsani pa bedi lake, mumuuze za mawa mwatsatanetsatane: adzakutengani nthawi yakuti, adzakugonetsani, podzuka mudzapeza dripi pa dzanja ndi kapaipi ka mkodzo, ndipo zimenezo si chizindikiro chakuti zalakwika. Ngati akufuna kupemphera, pempherani naye kapena mumuitanire wa mpingo wake. Akadzuka, ululu musaupeputse. Amayi athu anaphunzitsidwa kuchinamwali ndi kuchikuta kuti mkazi salira, ndiye mukafunsa adzati "pang'ono" pamene thukuta lili chuchuchu. Yang'anani mmene wagwirira nsalu. Mankhwala opha ululu aperekedwe pa nthawi yake, osadikira kuti apemphe. Cicely Saunders, amene anayamba ngati namwino asanakhale dokotala, natsekula nyumba ya St Christopher's ku London mu 1967, ankaphunzitsa kuti ululu wa wodwala khansa suli m'thupi mokha, uli ndi m'maganizo, m'banja ndi mumzimu, ndipo kuti zonsezo zimakolezerana. Ine ndinaziona ndi maso: mayi amene wangomva kuti ana ali bwino kumudzi, mankhwala omwewo amamugwira kuposa dzulo lake.

Koma ntchito yanu yaikulu, inu a m'zipatala zazing'ono, imayamba tsiku limene watsika galimoto kubwerera kumudzi.

Sabata yoyamba mudzi wonse umabwera kudzazonda, wina ufa, wina nkhuku. Sabata yachiwiri anthu abwerera ku minda yawo. Yachitatu apongozi ayamba kunena kuti bala lapola kale, bwanji akungogona. Khungu limapoladi msanga, ulusi umachotsedwa, ndipo aliyense amaganiza kuti nkhani yatha. Pamenepo m'kati musanapole, ndipo mtima ndiye wangoyamba kumene kudwala. Musadikire tsiku lolembedwa pa khadi. Tumani wazaumoyo wa m'mudzimo, kapena mupite nokha, mukakhale pansi ndi banja lonse. Nenani pamaso pa onse kuti kwa masabata osachepera 6 mayiyu sasenza ndowa, sasinja, sagwira khasu, ndipo ameneyo si ulesi, ndi lamulo la chipatala. Iye mwini sanganene zimenezi kwa apongozi ake. Zikachokera pakamwa panu zimamveka.

Pali zina zimene adzabise ngati simufunsa. Opaleshoni imeneyi imadutsa pafupi ndi mitsempha ya chikhodzodzo, ndiye ena amabwera ndi kapaipi, ena samva kuti mkodzo wadzaza, ena umangodontha. Mayi amene anathawa fungo la magazi, napeza fungo la mkodzo, amadziona ngati wotembereredwa. Muphunzitseni kusamala kapaipiko ndi kukodza pa nthawi zoikika, mumuuze kuti kwa ambiri zimachepa miyezi ikamapita. Ena mwendo umatupa chifukwa cha anabere aja anachotsedwa, ndipo mudzi suchedwa kunena kuti waponda mankhwala. Amene anachotsedwa mabasiketi amayamba kumva kutentha thupi mwadzidzidzi, thukuta usiku ngakhale mu Juni wa ku Tsangano, kupsa mtima pa kanthu kakang'ono, kusowa tulo. Akapanda kuuzidwa amaganiza kuti wayamba misala. Zonsezi mumuchenjeze zisanafike, kuti zikafika anene mumtima kuti, anesi aja anandiuza. Koma kutentha thupi kwa malungo, mafinya pa bala, magazi, kapena mwendo umodzi wotupa mwadzidzidzi ndi wopweteka, zimenezo abwere tsiku lomwelo.

Tsopano za bambo. Inu atsikana mudzachita manyazi kulankhula za m'nyumba ndi munthu wa msinkhu wa atate anu, ndikudziwa. Ngati pali namwino wamwamuna, mugawane ntchitoyo. Koma isalekedwe, chifukwa mabanja ambiri a amayi amenewa amathera pamenepa. Bamboyo naye ali ndi mantha ake. Amaopa kuti atenga khansa akagona ndi mkazi wake, amaopa kumupweteka, ndipo anzake kumowa amuuza kuti mkazi wopanda chiberekero ndi mwamuna mnzake. Muitaneni padera, mumupatse mpando ndi ulemu wake. Muuzeni kuti khansayo sipatsirana pa mbale, pa mphasa kapena pogonana. Muuzeni kuti adikire mpaka achipatala atayeza nkuona kuti m'kati mwapola, ndipo akadzayambiranso ayambe mofatsa, mayiyo akafuna, ndi mafuta ofewetsera ngati pali kuuma. Mumuyamikirenso ngati anagulitsa mbuzi kapena njinga kuti mkazi wake apite. Mwamuna amene wayamikiridwa pamaso pa achipatala sathawa msanga.

Mlandu wakuti anabweretsa matendawa ndani mudzaumva kawirikawiri. Akangomva kuti kachiromboko kamayenda pogonana, mwamuna aloza mkazi, akuchikazi aloza mkamwini. Muuzimitse msanga ndi choonadi. Pafupifupi munthu aliyense amene anagonanapo amakumana nako kachirombo kameneka nthawi ina pa moyo wake, ambiri thupi limakachotsa lokha osadziwa. Kuti kafike poyambitsa khansa pamapita zaka 15 mpaka 20, kapena 5 mpaka 10 kwa amene chitetezo chawo chinatsika. Palibe dokotala padziko lapansi amene anganene kuti kanachokera kwa uje, chaka chakuti. Nkhani ikakula mpaka bambo kuyamba kukamba zotenga mkazi wina kapena kulongedza, pemphani chilolezo kwa mayiyo kuti mulankhule ndi ankhoswe. Iwo ndi amene amamanga ndi kumasula mabanja kuno kwathu, koma nthawi zambiri amaweruza asakudziwa kanthu za matendawa. Chimodzimodzinso anankungwi. Nankungwi mmodzi amene wamvetsa kuti mayi wochotsedwa chiberekero akadali mkazi wathunthu, amasintha zolankhula za pa chitsime ponse.

Amene amandipweteka mtima koposa ndi wamng'ono uja, wa zaka 28 kapena 30, wa mwana mmodzi kapena wopanda ndi mmodzi yemwe. Kwa iye musanene kuti, "Chachikulu muli moyo." Akudziwa kuti ali moyo. Akulira ana amene sadzabadwa, ndipo maliro amenewo alibe siwa, palibe amene amabwera kudzakhuza. Muloleni awalire pamaso panu, kangapo konse, osamufulumiza. Ameneyo mumuone pafupipafupi kuposa onse.

Chisoni chotere n'chachibadwa, koma chili ndi malire ake amene muyenera kuwadziwa. Mayi akatha masabata awiri kapena kuposa osafuna kudya, osagona, osasamba, osakondwa ndi chilichonse ngakhale mdzukulu, akamanena kuti "ndangokhala mtolo" kapena "kunali bwino ndikanatsalira komweko," amenewo ndi matenda, si kufooka kwa chikhulupiriro. Mufunseni mosazungulira ngati amaganizapo zodzipha. Kufunsa sikumupatsa maganizowo, kumamupatsa pothawira. Kumbukirani kuti m'nyumba za alimi a fodya ndi kachewere mankhwala ophera tizilombo amakhala pafupi. Akavomera, asagone yekha, mabotolowo achotsedwe m'nyumba, ndipo mumutumize kwa wa zamaganizo. Dziko lathu linayamba kuphunzitsa ma técnico de psiquiatria m'zaka za m'ma 1990 kuti azikhala m'maboma, ndiye mudziwe dzina ndi nambala ya amene ali pafupi nanu musanamufune mwadzidzidzi.

Nokha simungathe, ndipo musayesere. Amayi a Chigwirizano, a m'miphakati ya Katolika, a mipingo ina yonse, amadziwa kale kuzonda odwala, kutunga madzi ndi kupalira munda wa mnzawo. Chimene amasowa ndi wowauza, mayiyo atalola, kuti thandizo likufunika miyezi itatu, osati sabata imodzi. Pemphero musalinyoze, limanyamula anthu. Koma mukamva za mneneri amene akuti ataye ma ARV kapena asabwererenso kuchipatala poti wachiritsidwa, pamenepo limbani. Ndipo mukakhala ndi mayi mmodzi amene anachitidwa opaleshoni zaka zapitazo, akulima, akuseka, banja lake lilipo, musamutaye. Mupempheni ngati angalole kucheza ndi watsopanoyo. Zimene inu munganene mwezi wathunthu, iye amazimaliza ndi kungokweza bulauzi nkuonetsa chipsera.

Pali nyengo ina yowawa imene sitiiganizira: kudikira zotsatira za kuyeza nyama ija anachotsa. Zimatha kutenga masabata ambiri, ndipo ndizo zimanena ngati opaleshoni yakwanira kapena pakufunikanso mankhwala a m'dripi ndi makina. Mayiyo tsiku lililonse amadzuka nazo. Muzilondole inu, muziimba kumene anachitidwa opaleshoni, ndipo ngakhale zisanatuluke mumuuze kuti mwafunsa. Pambuyo pake pali maulendo okaonedwa, pa miyezi itatu kapena inayi iliyonse m'zaka ziwiri zoyambirira, poti ndi nthawi imene matendawo amakonda kubwerera. Sabata yoti apite ikayandikira mudzaona akusintha, mutu, msana, kusowa tulo. Ndi mantha amenewo. Muwatchule dzina, mumuuze kuti anzake onse amamva chimodzimodzi.

Ena matenda adzabwereradi. Tsiku limenelo musanene kuti palibenso chochita, ndipo musayambe kumuzemba chifukwa mukuona ngati munamunamiza. Ululu ungathe kuchepetsedwa, fungo lingathe kuchepetsedwa, bala lingathe kutsukidwa, ndipo mayi angathe kuthandizidwa kuitana abale ake nkunena za ana ndi za munda akadali ndi mawu. Amene munamuperekeza pa chiyembekezo mumuperekezenso pamenepa.

Mayi akayamba kupeza mphamvu, mufunseni za ana ake aakazi. Kuyambira Novembala 2021 katemera wa HPV analowa m'ndondomeko ya dziko lonse, kuyambira ndi atsikana a zaka 9. Funsani ngati mwana wake kapena mdzukulu wake anabayidwa, ndiponso ngati azichemwali ake anayezetsa. Ndaona amayi amene anali atadzitaya akudzuka chifukwa cha ntchito imeneyi. Munthu amene miyezi yonse ankangolandira, tsopano ali ndi chopereka, ndipo akalankhula pa sikelo amayi amamvera kuposa mmene amamvera ife.

Nanunso, ana anga, muli ndi mitima. Mudzanyamula nkhani zimenezi kupita nazo kunyumba, ndipo masiku ena mudzakhala nokha pa chipatala chonse, mzere wa sikelo uli panja, wina akuchira m'chipinda china. Pezani mnzanu wa ntchito wolankhula naye, mulire ngati kulira kwabwera, mugone mukapeza mpata. Mukaona kuti mwayamba kukalipira odwala, dziwani kuti mwatopa, ndipo munene kwa akuluakulu anu. Inu atsikana, nanunso mukayezetse. Musamangopaka viniga anzanu.

Pomaliza, sungani kope lapadera la amayi amenewa, lokhomeredwa m'kabati: dzina, mudzi, mfumu yake, nambala ya foni, tsiku la opaleshoni, tsiku lokaonedwanso, ndi mzere umodzi wa zimene zikumudetsa nkhawa, kaya ndi bambo, kaya ndi mkodzo, kaya ndi fizi ya mwana. Boma lidzakusamutsani, poti ndi mmene ntchito yathu ilili. Musananyamuke, mukhale pansi ndi amene akulowa m'malo mwanu, mudutse naye dzina ndi dzina, ndipo amene mungathe muwaitane adzamuone nkhope inu mukadalipo.